Lumbesa ndi Chitini Changa

Mbatatesi zikatuluka m'nthaka sizidikira munthu. Dzuwa likaziwomba zimabiriwira, mvula ikazinyowetsa zimawola. Zanga ndinakumba Lolemba ndi Lachiwiri, ine ndi amayi asanu aganyu, ndipo pofika Lachitatu m'mawa zinali mulu pambali pa msewu wopita ku Makambako, zofundidwa ndi lona wong'ambika. Poyeza ndi diso langa zinali matumba makumi anayi. Chakudya cha pakhomo panga cha chaka chonse chinali pa mulu umenewo.

Cha m'ma eyiti anafika Ezekia Ngailo pa njinga yake yamoto. Ngailo ndi dalali, mmodzi wa anthu aja amene amaima pakati pa mlimi ndi eni malole opita ku mzinda wa Dar. Ndi msuweninso wa amuna anga, ndiye timatchulana alamu.

"Alamu, mwakumbatu!" anatero akuvula chipewa. "Chaka chino mugula galimoto."

"Ndigula mukandilipira ngati munthu. Tsitsani matumbawo ndione."

Anawaponya pansi. Lililonse linali ndi theka la thumba lina losokereredwa kukamwa. Imeneyo ndiye lumbesa. Thumba limadzaza mpaka pakamwa, kenako amathiranso mbatatesi m'chigambacho mpaka chitatupa ngati mutu wa munthu, n'kuchimanga ndi chingwe. Powerenga amati ndi thumba limodzi. Polipira, mtengo wa thumba limodzi.

"Mutuwo ndikupatsa ndani?" ndinafunsa.

"Aa, alamu, mwayamba liti mafunso? Ndi mmene timachitira."

"Matumba anga makumi anayi akalowa m'matumba anuwa atsala makumi awiri ndi asanu. Enawo apita kuti, kumwamba? Bweretsani matumba opanda mutu, kapena bweretsani sikelo."

"Sikelo ndi ya kuchipatala, yoyezera ana."

"Ndiye pitani mukafunse msana wa msuweni wanu kuti lumbesa imalemera bwanji."

Apo anasiya kuseka. Amuna anga, a Obadia Mligo, ananyamula lumbesa zaka khumi ndi chimodzi, kukwera nayo pa thabwa kulowa m'lole. Tsiku lina ali pakati pa thabwa, msana unalira ngati nkhuni yowuma. Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Amakhala pakhonde kuluka madengu a nsungwi, ndipo kuti afike kuchimbudzi amafuna ndodo ndi phewa langa.

Ngailo anatola matumba ake limodzilimodzi, mosafulumira.

"Musapse mtima, alamu. Pa msewu uno madalali tilipo anayi. Pitani kwa amene mukumufuna."

Ndinapitadi. Ndinayenda kwa onse atatu otsalawo, dzuwa lisanafike pamutu. Mtengo umodzi, matumba amodzimodzi, mpaka mawu amodzimodzi, ngati anayimbira kwaya imodzi. Wachitatu sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti, "Inu ndi a m'dera la Ngailo, mayi. Ine kumeneko sindigula."

Masana a tsiku lomwelo panaima lole yachilendo. Munatsika mayi wina wonenepa, wa ku Tanga, dzina lake Mwanaidi. Anafukula mulu wanga ndi dzanja, n'kuthyola mbatatesi imodzi pakati, n'kuinunkhiza.

"Izi n'zabwino za chipisi. Ine ndimagula pa kilo, sikelo ndili nayo m'galimoto."

Tisanamalize kukangana za mtengo, panafika njinga zamoto zinayi za madalali aja. Zinaima kutsogolo kwa lole, pafupi ndi kanyumba kamene Senyagawa, mayi wamasiye wa m'mudzi mwathu, amakazingiramo chipisi. Ngailo sanayankhule ndi Mwanaidi. Anapita kwa dalaivala.

"Achimwene, msewu uno uli ndi misomali yambiri. Matayala anuwa ndi atsopano, n'zomvetsa chisoni."

Dalaivala analiza injini. Mwanaidi anandiponyera kapepala ka nambala yake pawindo. "Ndili ku Makambako mpaka Loweruka," anakuwa. "Msewu ukatseguka mundiyimbire!"

Madzulo mvula inagwa. Lachinayi m'mawa nditakweza lona, fungo linandilandira. Linali laling'ono, la pansi pa mulu, koma amene analimapo mbatatesi amalidziwa. Likayamba silibwerera.

Ndinalowa m'nyumba, n'kuvala chitenje chabwino ndi juzi.

"Ulendo wa kuti, amake Sekela?" anafunsa a Obadia ali pakhonde.

"Ku tauni. Ku boma la chigawo. Paja pa wailesi amati kuli anthu oyang'anira miyeso ndi malonda."

"Ezekia ndi m'bale wathu."

"Ubale wake ukununkha pansi pa lona. Pitani mukaununkhize."

Anapinda nsungwi imodzi, n'kuilowetsa m'dengu. Anati, osandiyang'ana, "Mukawaitana anthu a sikelowo, muyambe mwabisa chitini chanu chija."

Nkhani ya chitini ndi iyi. Kupatula za m'matumba, ndimagulitsa mbatatesi pang'onopang'ono pamsewu, poyeza ndi chitini chachikulu cha malata, chokhala ndi chizindikiro cha penti wobiriwira m'mbali. Chaka chimene msana wa a Obadia unathyoka, ndinachitembenuza, n'kuchimenya pansi ndi munsi kanayi. Pansi pake panalowa m'kati. Ukachiyang'ana chodzaza, chimaoneka chitini ngati china chilichonse. Kunyumba kunalinso chitini china chabwinobwino, chotungira madzi.

"Chitini changa chikukhudzana bwanji ndi lumbesa?" ndinatero, n'kutuluka.

Ku ofesiko anandilozera chitseko chachitatu. Munali mayi wochepa thupi, wovala magalasi, msinkhu wa mwana wanga Sekela. Pa tebulo panalembedwa kuti Mbwilo. Kumbuyo kwake kunali masikelo, miyala yachitsulo yoyezera ndi zitini zokhala ndi chidindo cha boma.

"Khalani pansi, mayi."

"Ndilibe nthawi yokhala. Mbatatesi zanga zikuwola."

"Ndiye muyankhule choimirira, ine ndilemba chokhala."

Ndinafotokoza zonse. Sanandidule. Nditamaliza anaika cholembera pansi.

"Pali milandu iwiri apa. Woyamba ndi thumba. Lamulo limati lisapitirire makilo zana limodzi. Umenewo ndi wosavuta, sikelo iyankhula yokha, bola ndilipeze thumbalo likukwera m'lole. Wachiwiri ndi waukulu. Amalonda saloledwa kupangana mtengo umodzi, kugawana midzi, kapena kuthamangitsa wogula wina. Koma zimenezo sizikwera pa sikelo. Zimafuna anthu oti anene kuti tinaona, tinamva. Pakamwa panu pokha sipakwanira."

"Pakamwa panga n'pokwana anthu khumi. Kafunseni kwathu."

Anamwetulira pang'ono. "Ngailo amapakira liti?"

"Mawa, Lachisanu, m'mawa."

"Ndifika mawa."

"Lero simungathe? Ndikulipirirani ndalama ya basi."

"Lero ndikapeza matumba opanda kanthu, ndikagwira chiyani? Mawa, mayi. Kakwezeni lona mphepo izilowa."

Lachisanu kunacha ndi chifunga choti munthu sumaona mapazi ako. Lole ya Ngailo inali pansi pa mitengo ya paini, moyang'anana ndi kanyumba ka chipisi ka Senyagawa. Amuna anali kukwera thabwa atawerama, mitu ya lumbesa ikugwedera pamwamba pa mitu yawo. Alimi tinali titaima m'mbali, manja m'khwapa chifukwa cha kuzizira.

Galimoto yoyera inatulukira m'chifungamo. Munatsika Mayi Mbwilo ndi apolisi awiri. Anatsitsa sikelo yaikulu ya pansi, n'kuiika pa thabwa losalala.

"Mwini katundu ndani?"

"Ndine, bwana," anatero Ngailo akumwetulira. "Mwadzuka bwanji? Kwazizira, tiyambe tamwa tiyi."

"Tiyamba ndi thumba ilo."

Anafunika amuna atatu kuti aliike pa sikelo. Mayi Mbwilo anawerama, n'kupukuta magalasi.

"Zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi, kudza atatu," anawerenga mokweza. Analoza lina. Linaposa pamenepo. Analoza lachitatu.

"Bwana, alimiwa amafuna okha," anatero Ngailo. "Palibe amene timamukakamiza. Afunseni."

Mayi Mbwilo anatembenukira kwa ife. "Alipo amene anakanizidwa kugulitsa kwa wogula wina? Alipo amene anaona lole ikuthamangitsidwa pano Lachitatu?"

"Ine," ndinatero.

"Inu ndakumvani kale. Wina?"

Anthu anayang'ana pansi. Sindiwada. Galimoto yoyera ikapita, Ngailo amatsala, ndipo chaka chamawa mbatatesi zidzakumbidwanso.

Ngailo anaona kuti ndili ndekha. Anaseka mpaka mano onse kuoneka.

"Mboni yanu ndi imeneyi, bwana? Alamu angawa? Poti mwabwera ndi sikelo, muyezenso chitini chawo chogulitsira pamsewu. Chija cha penti wobiriwira. Tione ngati boma limayeza amuna okha."

Mayi Mbwilo anandiyang'ana.

"Muli ndi chitini chogulitsira, mayi?"

Ndinamukokera pambali, kuseri kwa galimoto yake.

"Tamverani, mwana wanga. Ine ndakubweretserani mbava yaikulu. Matumba awo mwawaona. Kachitini kamodzi n'kachiyani? Tiyeni tigwirizane. Malizani za Ngailo lero, za chitini tidzakambe mwezi wamawa."

"Sindingathe."

"Sabata yamawa."

"Mayi, pano si pamsika."

"Paliponse ndi pamsika. Nenani zanu, ndinene zanga, tikumane pakati."

"Pakati palibe. Ndikasiya chanu, iye akanena kuti ndinabwera kudzamenyera nkhondo munthu mmodzi, ndipo adzakhala akunena zoona. Mlandu wa matumba ndiutenga ndithu, alipira chindapusa. Koma wa msewu ufera pomwepa. Anthu awa sangatsegule pakamwa kwa munthu woyeza mbali imodzi. Msewu ukapanda kutseguka, wogula wanu uja sabwera." Anakonza magalasi ake. "Amene amagula pa chitini chanu nayenso ndi munthu wanga, ngati mmene inu mulili munthu wanga."

Ndinayenda kupita kunyumba. Si patali. Panjira ndinadutsa mulu wanga, ndipo fungo linali litakula, ntchentche zitayamba kuzungulira.

Zitini zonse ziwiri zinali kuseri kwa chitseko. A Obadia anandiona ndikuziyang'ana.

"Afunsa?"

"Ezekia waulula."

"Tengani chimene mukufuna, amake Sekela. Ine maso anga ali pa dengu."

Ndisaname kuti mtima wanga unayera mwadzidzidzi. Ndinagwira chotungira madzi poyamba. Koma mudzi wonse umadziwa penti wobiriwira uja, ndipo Ngailo akanakuwa ndisanafike n'komwe. Ndikanakhala wakuba ndi wabodza tsiku limodzi, mbatatesi n'kuwolabe. Ndinachisiya, n'kunyamula chopindikacho.

Nditafika ndinachiika pansi pakati pa anthu, chotembenuza, kuti aliyense aone mabala a munsi.

"Ndi ichi. Ndinachimenya ndekha. Amuna anga asalowemo."

Mayi Mbwilo anatulutsa chitini cha chidindo m'galimoto. Anapempha madzi, ndipo Senyagawa anabweretsa a mu mgolo wake. Mayi Mbwilo anadzaza cha bomacho mpaka pamzere, n'kuyamba kukhuthulira m'changa. Changa chinadzaza, madzi n'kusefukira, kutsikira pa mapazi anga. M'cha boma munali mudakali madzi ambiri. Anapitiriza kuthira mpaka dontho lomaliza, ndipo ndinaima m'matope, madzi ozizira ali m'nsapato zanga.

Ngailo anawomba m'manja. "Mwaonatu! Woweruza anzake!"

Palibe amene anaseka naye. Onse anali kuyang'ana Senyagawa. Mayi ameneyu wakhala akugula kwa ine zitini ziwiri pa sabata chiyambire.

Anabwera pafupi, akupukuta manja pa epuloni yake ya mafuta. Anawerama, n'kusisita pansi pa chitinicho ndi chala.

"Zaka zingati, achemwali?"

"Zisanu ndi chimodzi."

"Zisanu ndi chimodzi." Anagwedeza mutu. "Ine ndinkati dzanja langa lakalamba, ndikusenda makoko okhuthala. Ndinasintha mpeni katatu. Chaka chatha ndinatseka kanyumbaka mwezi wathunthu, ndimati malonda andikana. Inu munabwera kudzandipepesa. Munandibweretsera mandasi."

Ine amene pa msika palibe anandimalizapo mawu, ndinangoyang'ana matope.

Senyagawa anatembenukira kwa Mayi Mbwilo.

"Bwana, ndimayesa mwabwera kudzatenga ndalama ya tiyi n'kubwerera. Poti mwayeza ndi ichi chomwe, lembani. Lachitatu njinga zinayi zinaima apa, pakhomo panga. A Ngailo anauza dalaivala za misomali. Ndinamva ndi makutu angawa, mafuta ali pamoto. Si koyamba. Chaka chatha anathamangitsa lole ya ku Morogoro."

"Iwe Senyagawa, samala," anatero Ngailo.

"Ndisamale chiyani? Andibera kale kumanzere ndi kumanja. Chatsala n'chiwaya."

Kenako anayankhula bambo wina wachikulire mwa onyamula aja. Anati madalali anayiwo amakumana Lamlungu lililonse kuseri kwa malo omwera ulanzi, mowa wa nsungwi, n'kupangana mtengo wa sabata, ndipo iye ndi amene amawatengera mipando. Atatha iye, anayankhula mlimi wina, kenako amayi awiri nthawi imodzi. Mayi Mbwilo analemba mpaka anatembenuza pepala kawiri, aliyense n'kusayina kapena kudinda chala.

Atamaliza analamula kuti mitu yonse ya lumbesa idulidwe pomwepo, katundu ayezedwenso, mlimi aliyense alipidwe pa kilo. Anapatsa Ngailo kalata ya chindapusa, ndi ina yomuitana iye ndi anzake atatu ku tauni Lolemba. Wapolisi mmodzi anauzidwa kuti atsale pamsewu mpaka malole atapita.

Kenako anabwera kwa ine. Chitini changa anachiponya m'galimoto. Anandilembera nanenso kalata ya chindapusa.

"Chotsaniko pang'ono," ndinatero. "Ndachibweretsa ndekha."

"Ndalemba kuti mwachibweretsa nokha. N'chifukwa chake ndi yochepa chonchi. Nambala ya wogula uja muli nayo?"

Anayimba yekha pa foni yake, n'kumuuza Mwanaidi kuti msewu ndi wa aliyense.

Lole ya ku Tanga inafika cha m'ma thuu. Tinavundukula lona. Pansi pa mulu panali phala lakuda lonunkha. Ndinagwada n'kuyamba kusankha ndi manja, amayi atatu a m'mudzi n'kubwera kudzandithandiza osaitanidwa. Senyagawa sanabwere. Ndinkamuona ali m'kanyumba kake, akusenda, msana atalozetsa kwa ine. Mpaka lero timangopatsana moni wa pakamwa, ndipo mbatatesi amakagula kutsidya kwa mlatho.

Mwanaidi anapachika sikelo yake pa nthambi ya paini.

"Zagona pamvula izi, mayi. Nditsitsa mtengo."

"Zowola ndataya. Zimene zatsalazi thyolani iliyonse muone. Mukatsitsa, ndiyimbira wa ku Morogoro, msewu watseguka."

"Nambala yake muli nayo?"

"Ndiipeza."

Anaseka, n'kubwerera pa mtengo wa Lachitatu. Tinayeza thumba lililonse makilo zana limodzi, n'kulisoka pakamwa mosalala. Anakwana matumba makumi atatu ndi limodzi. Asanu ndi anayi ndinakawataya kudzenje, ngakhale nkhumba sizikanadya.

Atatsala pang'ono kuyamba kupakira, ndinamva ndodo ikugogoda pamiyala. A Obadia anali atafika okha mpaka pa mpanda, thukuta lili pamphumi.

"Mukufuna kugwa inu? Bwererani!"

"Ndipatseni phewa, amake Sekela. Ndikufuna ndione."

Ndinawafikitsa pamsewu, n'kuwakhazika pa chitsa. Bambo wachikulire uja, amene ananyamulapo nawo limodzi kale, anawerama, anzake awiri n'kumutukulira thumba pamsana. Anakwera thabwa, n'kufika pamwamba, n'kulitula. Potsika anayang'ana a Obadia.

A Obadia anatsamira ndodo ndi manja onse awiri. Thumba lililonse ankaliperekeza ndi maso kuchokera pansi mpaka m'lole, milomo ikugwedera ngati akuwerenga. Ndinawauza kuti kwazizira, tiyeni kunyumba. Anakana. Tinakhala pomwepo mpaka la makumi atatu ndi limodzi litakwera, ine nsapato zanga zidakali zonyowa.